Chakumwa cha Bitiruti ndi Mandimu: Kabuku ka Mabanja a ku Mzimba

Mwezi wa Okutobala ukafika ku Mzimba, dzuwa silinyengerera munthu. Pofika 10 koloko m'mawa nthaka imakhala itatentha kale, ana amabwera kuchokera kusukulu kukhosi kuli gwa, ndipo amene akusosa kumunda kapena kuwotcha njerwa amamwa madzi koma ludzu osatha. Nthawi imeneyi ndi imene ndalama zapakhomo zimathera ku zakumwa za m'mabotolo ndi timapaketi ta ufa wa utoto tosungunulira m'madzi. Thobwa lilipo, ndipo palibe amene angalinyoze, koma limafuna chimera, nkhuni zambiri ndi kudikira.

Kabuku kano kakufotokoza za chakumwa china chimene mungakonze pa ola limodzi ndi zinthu za m'dimba ndi zapakhomo: bitiruti, mandimu, shuga pang'ono ndi madzi abwino. Chimaoneka chofiira bwino popanda utoto wogula, chimawawasa mokoma, ndipo chimadula ludzu.

Bitiruti si mlendo kwenikweni kuno. Mabanja ambiri a ku Mzimba ali ndi wachibale amene anakhalapo ku Joni, ndipo kumeneko mbale ya chakudya cha Lamulungu imakhala ndi saladi wa bitiruti pambali pa mpunga ndi nyama. Kwathu kuno timamuona kwambiri pa zinkhoswe ndi maukwati. Chimene sitinazolowere ndi kumumwa, komanso kumulima ndi cholinga, ngakhale madimba a ku Champhira, Jenda, Luwerezi ndi Embangweni ali ndi nyengo yozizira imene mbewuyi imakonda.

Zofunika pokonza malita 2

Malita 2 ndi makapu 8, okwanira banja lonse pa nkhomaliro.

- Bitiruti muwiri wokula ngati chibakera cha mwana, pafupifupi magalamu 300
- Mandimu 5 kapena 6, oti atulutse kapu imodzi ya madzi ake
- Shuga masupuni akuluakulu 6 mpaka 8, osadzaza mpaka kutumphuka
- Madzi otetezedwa malita 2
- Kachidutswa ka jinja, ngati mumamukonda
- Poto, mpeni, sefa kapena nsalu yoyera yochapa bwino, ndi jagi kapena kachidebe kokhala ndi chivindikiro

Pamsika sankhani bitiruti wolimba, wa khungu losalala. Wamkulu kwambiri amakhala atakhwima mopitirira, mkati mwake muli mitsitsi ndipo kukoma kwachepa. Wofota, woti mukamutsina akubonyoka, wataya kale madzi. Mukapeza wokhala ndi masamba ake mutengeni, chifukwa masambawo ndi ndiwo.

Mandimu athu a khungu lokhakhala, amene ali pafupifupi pakhomo lililonse, ndi abwino ndithu. Ndimu lolemera m'dzanja ndi limene lili ndi madzi ambiri. Musanalidule ligubuduzeni pathebulo mukulipsinja ndi chikhatho kuti lifewe.

Tiyambe ndi madzi

Gawo lalikulu la chakumwachi ndi madzi, choncho madziwo akakhala oipa, zonse zaipa. Kolera imene inayamba mu Malichi 2022 n'kupitirira mu 2023 inafika m'maboma onse a dziko lino ndipo inapha anthu oposa 1,700. Miyezi yotentha ndi imene zitsime zimaphwa, anthu n'kumatunga pamodzi ndi ziweto, ndipo mvula yoyamba ikagwa imakokolera zonyansa zonse m'madzi omwewo. Pali anthu amene amakhulupirira kuti ndimu limapha tizilombo tonse. Musadalire zimenezo. Kuwawasa kwa ndimu kumachedwetsa tizilombo tina kuswana, koma sikusandutsa madzi a pachitsime chosatetezedwa kukhala abwino.

Njira ndi ziwiri. Wiritsani madziwo mpaka abwate kwa mphindi imodzi kapena ziwiri, muwavindikire mpaka azizire. Kapena thirani WaterGuard, kachivindikiro kamodzi pa malita 20, mudikire mphindi 30 musanawagwiritse ntchito. Ngati mwalandira klorini kwa alangizi a zaumoyo a m'dera lanu, tsatirani muyeso umene akuuzani. Ngakhale madzi a pamjigo, kapena a pampopi ya Northern Region Water Board pa boma, amatha kuipira m'njira: m'ndowa yosatsuka, m'kapu yotungira imene aliyense amaviika pamodzi ndi zala. Madzi otsukira sefa, nsalu ndi jagi akhalenso otetezedwa omwewo. Sambani m'manja ndi sopo musanayambe.

Njira yoyamba: yowiritsa

Iyi ndi imene tikulimbikitsa pakhomo pamene pali ana ang'onoang'ono, mayi woyembekezera kapena wodwala, chifukwa moto umapha tizilombo tambiri timene tinabwera ndi dothi la kudimba.

Tsukani bitiruti bwinobwino mpaka dothi lonse lichoke, makamaka cha kumutu kumene kunali masamba. Musendeni mopyapyala, kenako mumudule tizidutswa ting'onoting'ono. Pophika bitiruti wa saladi timamuphika wathunthu ndi khungu lomwe kuti kufiira kusatuluke, koma pano tikufuna kufiirako kutulukire m'madzi, n'chifukwa chake tikumudula. Ikani tizidutswato m'poto ndi lita imodzi ya madzi. Ngati mukuthira jinja, musinjeni pang'ono n'kumuponya momwemo. Zikayamba kubwata chepetsani moto, muvindikire, zipse kwa mphindi 15 mpaka 20.

Musapitirire apo. Utoto wa bitiruti suchedwa kugonja pamoto: mukauwiritsa nthawi yaitali umasiya kufiira n'kuyamba kuda ngati tiyi. Soda kapena chidulo zisayandikire n'komwe, chifukwa zimawononga mtunduwo nthawi yomweyo.

Phulani poto, sefani madziwo, ndipo thirani shuga akadali otentha kuti asungunuke msanga. Vindikirani, muwasiye azizire. Apa m'pamene ambiri amalakwitsa chifukwa chofulumira: amafinyira mandimu m'madzi otentha. Vitamini C wa m'mandimu amawonongeka ndi kutentha, ndipo kakomedwe kake kamasintha. Dikirani mpaka poto atazizira moti mungamugwire ndi dzanja osamva kutentha.

Finyani mandimu m'kapu padera, muchotse nthanga. Musafinye mpaka kukanda choyera cha mkati mwa khungu, chifukwa chimenecho ndi chimene chimawawa. Tsanulirani madzi a bitiruti aja m'jagi, thirani madzi a mandimu, muwonjezere lita yachiwiri ya madzi ozizira, mutakase. Mudzaona mtundu ukusintha pamaso panu: madzi amene anali ofiira moderako amawala n'kukhala ofiira mokongola. Lawani. Chikawawasa kwambiri onjezerani madzi kaye musanaganize za shuga.

Tizidutswa totsala m'sefa tisatayidwe. Thiranimo anyezi wodula, kamchere ndi madontho a ndimu, ndipo mwapeza saladi wodyera nsima kapena mpunga tsiku lomwelo.

Njira yachiwiri: yosaphika

Njira iyi imasunga nkhuni ndipo chakumwa chake chimamveka chaposachedwa, koma imafuna ukhondo wokhwima. Tsukani ndi kusenda bitiruti monga poyamba, mumutsukenso ndi madzi otetezedwa mutamusenda. Mupaleni pa gireta kuti akhale timinyenyeswa. Ngati mulibe gireta, muduleni ting'onoting'ono n'kumusinja mu kamtondo kotsuka bwino, kosakhala ndi fungo la tsabola kapena nsinjiro. Viikani zopalazo mu lita imodzi ya madzi kwa mphindi 30, kenako tsanulirani pansalu yoyera, mukulunge, mufinye mwamphamvu mpaka zotsala zitumbuluke. Sungunulani shuga m'kapu ya madzi ofunda, musakanize zonse pamodzi ndi mandimu ndi madzi otsala.

Manja adzafiira. Pakani kachidutswa ka ndimu musanasambe ndi sopo ndipo zidzachoka. Nsalu yosefera ichapidwe nthawi yomweyo ndi madzi ozizira, iyanikidwe padzuwa, ndipo ikhale ya ntchito imeneyi yokha.

Anthu ena amakana bitiruti ponena kuti amanunkha dothi. Sakunama. Muli kanthu kena kotchedwa geosmin, komwenso kamachititsa fungo lija limamveka mvula yoyamba ikagwa pa nthaka youma. Kanthu kameneka kamafooka kakakumana ndi zowawasa. N'chifukwa chake ndimu ndi bitiruti zimayenderana: ndimu likachepa, fungo la dothi limamveka; likakwanira, ngakhale mwana amene amakana saladi amapempha kapu yachiwiri. Jinja amathandizanso kubisa fungolo.

Za shuga

Masupuni akuluakulu 8 pa makapu 8 ndiye kuti kapu iliyonse ili ndi supuni yaikulu imodzi, yomwe ndi masupuni a tiyi atatu. Zakumwa zambiri za m'botolo la mamililita 300 zimakhala ndi masupuni a tiyi pafupifupi 8. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire masupuni a tiyi pafupifupi 12 a shuga wothira pa tsiku, kuwerengera pamodzi wa mu tiyi, m'phala ndi m'zakumwa. Ubwino wokonza nokha uli pomwepa: dzanja lothira shuga ndi lanu. Bitiruti ali kale ndi kutsekemera kwake, moti mtundu wina wa mbewu yomweyi ndi umene amapangira shuga ku Ulaya m'malo mwa nzimbe. Yambani ndi masupuni 6. Pakapita masabata angapo banja lidzazolowera, ndipo mungatsike mpaka 4.

Amene ali ndi ming'oma angathe kuthira uchi m'malo mwa shuga, chakumwa chitazizira. Uchi ndi wotsekemera kuposa shuga, choncho uchepe. Mwana wosakwana chaka asapatsidwe uchi.

Mandimu akasowa

Vuto lenileni la chakumwachi ndi nyengo. Mandimu amachuluka nthawi yozizira, pamene amagwa okha pansi popanda owatola, ndipo dzuwa likafika pachimake amakhala atachepa, mtengo wake pamsika utakwera. Ndi bwino kuganizira zimenezi kudakali kozizira.

Mandimu othyola ndi kamtengo kake, osagwa pansi ndi osabooka, amakhala masabata angapo mukawayala pamalo ozizira ndi amthunzi, osaunjikana. Amene ali ndi filiji afinye mandimu ambiri nthawi imene ali otchipa, awumitse madzi ake m'timabotolo tating'ono toyera, azitulutsa kamodzikamodzi.

Zikakanika, pali zowawasa zina. Bwemba ndi malambe zimachokera kumadera otentha a kunyanja ndi kuchigwa, zimasungika miyezi zili zouma, ndipo zimapezeka m'misika. Viikani bwemba wodzaza dzanja limodzi m'madzi otentha kwa mphindi 30, mufikise, musefe, muthire m'malo mwa mandimu. Malambe aviikeni m'madzi ozizira otetezedwa mpaka ufa wake uchoke ku nthanga. Chakumwa chake chimakhala cholemererako ndiponso chofiira motuwa, ndipo ana amachikonda. Chidede chouma nachonso chimawawasa, ndipo mungachiponye m'poto pamodzi ndi bitiruti mphindi 5 zomaliza. Chachikulu n'chakuti chowawasa chisasowe. Madzi a bitiruti okhaokha othira shuga samva kukoma ndipo amawonongeka msanga.

Kuziziritsa ndi kusunga

Makomo ambiri a kumwera kwa Mzimba alibe magetsi a ESCOM, koma chakumwa chozizira n'chotheka. Mphepo ya mu Okutobala ndi youma, ndipo madzi akamauma pa chinthu amachiziziritsa. Thirani chakumwa m'botolo lotseka, mulikulunge ndi chiguduli kapena nsalu yonyowa, mulipachike pamthunzi pamene pakupita mphepo. Nsaluyo ikayamba kuuma inyowetseninso. Kapena imikani botololo mu mtsuko wa madzi. Botolo likhale lotseka bwino ndipo kunja kwake kukhale kotsuka, makamaka ngati madzi a mumtsukomo ndi akumwa. Ena amaika mphika waung'ono mkati mwa waukulu, pakati pake n'kuthira mchenga wonyowa, pamwamba n'kuphimba ndi nsalu yonyowa. Mphika woterewu umasunganso tomato ndi masamba.

Ayisi wogula samalani naye. Kuuma sikupha tizilombo toyambitsa matenda otsekula m'mimba, ndipo simudziwa madzi amene anapangira.

Chakumwa chothira mandimu chisakhale m'poto wa aluminiyamu kapena m'chitini, chifukwa asidi amadya chitsulo ndipo chimayamba kumveka dzimbiri. Gwiritsani ntchito botolo lagalasi, jagi kapena chidebe cha pulasitiki chosungira zakudya. Botolo kapena chigubu chimene munakhalapo mankhwala a tomato, a fodya kapena a ng'ombe chisagwiritsidwe ntchito ngakhale mutachitsuka kangati. M'dera la alimi a tomato ngati lathu mabotolo oterewa ali paliponse, ndipo ana sadziwa kusiyanitsa.

Popanda filiji, chimene mwakonza m'mawa chithe tsiku lomwelo. M'filiji chimakhala masiku 2 kapena 3. Mukaona thovu, mukamva kafungo ka mowa, kapena botolo likafufuma n'kuchita phokoso potsegula, chasasa, tayani.

Pakhomo pamene chakumwachi chakondedwa, n'kotheka kukonza chokhathamira choti muzisungunula ngati Sobo. Wiritsani bitiruti 4 kapena 5 mu lita imodzi ya madzi, musefe, muthire shuga kilogalamu imodzi ndi makapu awiri a madzi a mandimu, mubwezere pamoto mpaka zingoyamba kubwata. Thirani zikadali zotentha m'mabotolo agalasi amene mwawawiritsa pamodzi ndi zotsekera zake. Posungunula, gawo limodzi la chokhathamiracho lilowe m'magawo 6 kapena 7 a madzi. Vitamini C wambiri amapita ndi moto m'njira iyi, choncho finyiranimo ndimu laliwisi pomwa ngati lilipo. Pamalo ozizira chithe pasanathe sabata. M'filiji, masabata awiri. Musayese kutsekera madzi a bitiruti m'botolo opanda mandimu okwanira n'kuwasunga. Bitiruti payekha alibe asidi, ndipo m'botolo lotseka mungamere tizilombo ta poizoni woopsa amene saoneka ndi maso ndiponso samveka fungo.

Kodi chimawonjezera magazi?

Funso ili limabwera pa msonkhano uliwonse wa amayi, ndipo liyenera kuyankhidwa mosabisa. Anthu ambiri akaona kufiira kwa bitiruti amati ndi magazi enieni, ndipo mayi akauzidwa kusikelo kuti magazi achepa, achibale amathamangira kumsika kukagula bitiruti. Kufiirako ndi utoto wachilengedwe wa mbewuyo, ndipo sikukhudzana ndi magazi a munthu. Chimene thupi limafuna kwambiri popanga magazi ndi ayironi, ndipo mu magalamu 100 a bitiruti muli ayironi wosakwana miligalamu imodzi. Nyemba, usipa, chiwindi, bonongwe ndi chisoso zimamuposa kutali. Ngakhale masamba a bitiruti yemweyo ali ndi ayironi wambiri kuposa muzu wake.

Izi sizikutanthauza kuti chakumwachi n'chachabe. Bitiruti ali ndi foleti, amene thupi limamufunanso popanga magazi ndiponso amafunika kwambiri kwa mayi woyembekezera. Koma thandizo lalikulu lili mu ndimu. Vitamini C amathandiza thupi kuyamwa ayironi wa mu nyemba ndi masamba, pamene tiyi amatsekereza. Ndiye nthawi yabwino yomwera chakumwachi ndi pa chakudya penipeni, pamene mukudya nsima ya nyemba, khwanya kapena nkhwani wotendera. Tiyi adikire ola limodzi kapena awiri. Mwa magulu 6 a zakudya amene alangizi amaphunzitsa, kapu imeneyi ikukhudza awiri, la masamba ndi la zipatso; magulu enawo ayenera kupezeka m'mbale.

Mayi woyembekezera apitirize kumwa mapiritsi a ayironi amene walandira kusikelo. Mwana wotuwa m'zikhatho ndi m'maso, wofooka, wopuma mwabefu, mupite naye kuchipatala lero lomwe, kaya ndi ku Embangweni, pa chipatala cha boma ku Mzimba, kapena chipatala chaching'ono cha kufupi. Kuchepa kwa magazi kuno nthawi zambiri kumabwera ndi malungo, njoka za m'mimba kapena likodzo, ndipo palibe chakumwa chimene chingachize zimenezo. N'zomvetsa chisoni mwana kufika kuchipatala mochedwa chifukwa kunyumba ankamumwetsa bitiruti kwa masabata.

Amene ayenera kusamala

Mukamwa chakumwachi, mkodzo kapena chimbudzi chingathe kuoneka chofiirira. Zimachitika kwa anthu ena, sizoopsa, ndipo zimatha pakapita tsiku limodzi kapena awiri. Koma kwathu kuno mkodzo wofiira ndi chizindikironso cha likodzo, makamaka kwa ana amene amasambira m'madamu ndi m'madambo. Ngati kufiirako kukupitirira patatha masiku awiri chisiyireni kumwa, ngati kukubwera kumapeto kwa kukodza, kapena pali ululu, musanene kuti ndi bitiruti. Kayezetseni.

Mwana wosakwana miyezi 6 ayamwe bere lokha. Wosakwana chaka asapatsidwe chakumwachi. Ana okulirapo apatsidwe theka la kapu, pa chakudya, kuti asakhute madzi otsekemera n'kukana nsima.

Odwala matenda a shuga amwe chosathira shuga, kapu yaing'ono, ndipo afunse kuchipatala kumene amalandira mankhwala. Bitiruti amatsitsako pang'ono kuthamanga kwa magazi, koma osati moti munthu n'kusiya mankhwala a BP. Amene amamwa mankhwalawo apitirize monga anauzidwira. Amene anadwalapo timiyala ta mu impso, kapena ali ndi vuto lina la impso, achepetse bitiruti ndi masamba ake omwe. Amene ali ndi zilonda za m'mimba ndipo ndimu limawapweteka achepetse ndimu n'kumwa atadya.

Munthu wotsekula m'mimba amafunika Thanzi ORS. Chakumwa chotsekemera sichilowa m'malo mwake ndipo chingawonjezere kutsekulako.

Asidi wa ndimu amafewetsa mano akamakhala m'kamwa nthawi yaitali. Ana asamayende ndi botolo tsiku lonse akupsontha pang'onopang'ono. Amwe kamodzi, atsukuluze m'kamwa ndi madzi.

Kudimba

Bitiruti wogula tsiku ndi tsiku amadula. Bedi limodzi la mita imodzi m'lifupi ndi mamita 3 m'litali limakwanira banja kwa masabata angapo, ndipo ntchito yake ndi yochepa poyerekeza ndi tomato: safuna mitengo yoimikira, safuna kupopera sabata ndi sabata, ndipo chisanu cha mu Juni chimene chimawotcha tomato m'madambo iye amachipirira.

Mbewu yodziwika m'masitolo a zaulimi ndi Detroit Dark Red. Imakhwima pakatha masabata 8 mpaka 10, ndipo kukazizira kwambiri imachedwerako. Mungafese kuyambira mu Epulo mvula ikamatha. Koma ngati cholinga ndi chakumwa cha mu Okutobala ndi Novembala, werengani chobwerera m'mbuyo: bedi lomaliza lifesedwe kumapeto kwa Julayi kapena mu Ogasiti, pamalo pamene madzi othirira sadzaphwa. Musafese paketi yonse tsiku limodzi. Mukamafesa mzere umodzi kapena mizere iwiri pa masabata atatu alionse ndiye kuti simudzasowa, ndiponso sadzakhwimira pamodzi n'kukukanikani.

Gaulani mozama, muphwanye zibuma, muchotse miyala. Thirani manyowa owolerana bwino. Ndowe zaziwisi zimachititsa mizu kupanga mphanda ndi kumera tsitsi. Mbewuyi sikonda nthaka ya asidi wambiri, choncho kuwaza phulusa pang'ono pokonza bedi kumathandiza. Pewani malo amene mwangochotsapo tomato kapena fodya ngati mizu yake inali ndi timatuza, chifukwa tizilombo ta m'nthaka tomwe tinatupitsa mizuyo timagwiranso bitiruti.

Viikani njere m'madzi usiku umodzi. Fesani pabedi pomwepo, masentimita 2 kuya kwake, mizere italikirane masentimita 30. Kanjere kalikonse kamene mukukaona ndi kagulu ka njere zingapo, n'chifukwa chake pamamera mbande ziwiri kapena zitatu pamodzi. Zikafika masamba anayi patulirani, pakati pa mbande ndi inzake pakhale masentimita 8 mpaka 10. Alimi ambiri amamva chisoni kuzula mbande zabwinobwino, koma osapatulira mudzakolola masamba okhaokha ndi timizu ngati zala. Zozulazo phikani ngati ndiwo. Thirirani mosadumphitsa, chifukwa nthaka ikauma kwambiri kenako n'kuthiridwa madzi ambiri mizu imang'aluka. Kukayamba kutentha phimbirani ndi udzu wouma. Masamba akagwidwa mawanga ofiirira m'mbali, thothorani odwalawo mukawataye kutali, ndipo pothirira muzithira pansi, osati pamasamba. Za tizilombo tina funsani alangizi a zaulimi a ku EPA yanu, kaya ndi Champhira, Mbawa, Kazomba kapena Manyamula.

Pokolola zulani madzulo kapena m'mamawa. Potokolani masamba kusiya timapesi ta masentimita 2 kapena 3, ndipo musadule kamchira, chifukwa pabala ndi pamene amatulukira madzi n'kufota. Osamutsuka. Muyaleni m'dengu kapena m'dzenje la pamthunzi, mosanjikiza ndi mchenga wachinyontho pang'ono, mizu isakhudzane. Akhoza kukhala masabata angapo. Muziyang'anamo n'kuchotsa amene wayamba kuwola. Akachuluka kwambiri, musendeni, mumudule mopyapyala, muyanike pathandala pansi pa nsalu yopyapyala yotchinga ntchentche mpaka azithyoka, kenako musinje n'kusunga ufawo m'botolo louma lotseka. Supuni yaing'ono imodzi ya ufawo, yoviika m'madzi otentha n'kusefa, imafiiritsa kapu yonse, ndipo imeneyi ndiyo njira yopezera chakumwachi mu Disembala ndi Januwale pamene madimba amira.

Masamba aphikeni ngati mpiru, ndi tomato ndi anyezi, kapena otendera. Amafewa msanga ndipo safuna soda.

Kwa ofuna kugulitsa

Pa Jenda, pa depoti ya Mzimba, pa bwalo la mpira kapena tsiku la msika ku Embangweni, chakumwa chofiira chozizira chimakopa maso. Gulu la amayi kapena la banki m'khonde lingathe kuyesa, koma liyambe ndi malita ochepa. Musanaike mtengo lembani zonse zimene zalowa: bitiruti ndi mandimu ngakhale zili za m'dimba mwanu, shuga, nkhuni, WaterGuard, sopo, mabotolo, ulendo ndi chiphaso cha pamsika. Gawani ndi makapu amene atuluka, ndipo kumbukirani kuti chotsala madzulo sichigulitsidwa mawa.

Mabotolo otola m'misewu ndi m'mabini ndi amene amafalitsa matenda pa malonda a zakumwa. Gulani atsopano, kapena gulitsani kuchokera m'chidebe cha kampopi, wogula abwere ndi botolo lake; ngati mukugwiritsa ntchito makapu, pakhale ndowa ziwiri, ya sopo ndi yotsukuluzira ya madzi a klorini. Timapepala ta pulasitiki topyapyala tosakwana ma micron 60 ndi toletsedwa m'dziko muno. Onanani ndi a zaumoyo a khonsolo ya M'mbelwa musanayambe, ndipo nthawi ya kolera mverani zimene alengeza, chifukwa makhonsolo amatha kuimitsa kaye malonda a zakudya ndi zakumwa zokonzeratu. Mukafuna kufika poika chizindikiro chanu pabotolo n'kumapereka m'magolosale, pamafunika chiphaso cha bungwe la Malawi Bureau of Standards, ndipo iwo ndi amene amayeza ngati chakumwacho chingasungike masiku amene mwalemba. Pachizindikiropo lembani zimene zilimo ndi tsiku limene mwakonza. Musalembepo kuti chimawonjezera magazi kapena kuchiza BP.